Amalume, Mufa Liti?

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene amalume anga a Dyson anabwera kuchokera ku Joni atanyamula chikwama chimodzi, kawailesi ka kanema kokulunga m'bulangete, ndi chifuwa chimene sichinkatha. Nthawi imeneyo tinkakhala ku Biwi mu Lilongwe, m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri ndi kachipinda kena kuseri komwe tinkasungamo makala. Mayi anatulutsa makalawo, anakolopa pansi, n'kuyalamo matiresi. Amalume, omwe anali mlongo wawo wamng'ono wa mayi, analowa m'menemo, ndipo sankatulukamo kawirikawiri.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 kunalibe amene ankatchula dzina la matenda amenewo. Anthu ankangoti akudwala, n'kutsitsa mawu. Amalume anali ndi kapu yawoyawo yapulasitiki ndi mbale yawoyawo, ndipo ana a nyumba zoyandikana nafe anauzidwa ndi makolo awo kuti asamafike pakhonde pathu. Kunena zoona, ngakhale amalume asanabwere ana amenewa sankandifuna kwenikweni. Tinali titangosamuka kumene kuchokera ku Chiradzulu, ndipo ndikangotsegula pakamwa ankaseka kalankhulidwe kanga. Pa mpira wachikulunga ankandiika pagolo, akandichinya n'kumanditchula wakumudzi. Bambo ankalawirira ku Kanengo komwe ankanyamula mabelo a fodya, mayi ankapita kumsika kukagulitsa kaunjika. Ndikaweruka kusukulu, m'nyumba monse munkamveka chifuwa cha amalume basi.

Tsiku lina masana anandiitana. "Yami, tabwera kuno mphwanga."

Ndinaima pakhomo, poti mayi anali atandiuza kuti ndisamawavutitse. M'chipindamo munkamveka fungo la mafuta opaka pachifuwa losakanikirana ndi la makala, lomwe kukolopa konse kuja sikunalichotse. Anali atakhala pamatiresi atatsamira khoma, kawailesi kali pamwamba pa katoni, ndipo pansi panali kabokosi kotuwa kokhala ndi mapadi awiri, timabokosi ta mabatani togwira m'manja tija. Anatenga katiriji yachikasu, kakaseti kosungira gemu, anaiuzira mpweya ngati akukoleza moto, n'kuilowetsa m'kabokosimo. Kuuzirako kunawatsokomoletsa kwa nthawi ndithu. Kuyambira tsiku limenelo ntchito youzira inali yanga.

Gemuyo inali yosavuta kuimvetsa. Kamunthu kankathamanga kulowera kudzanja lamanja, kudumpha maenje, kuwoloka timilatho togwedezeka, kuzemba moto ndi tizilombo. Tianthuto tinalipo tiwiri: kabuluu kanali ka amalume, kachikasu kanali kanga. Koma sitinkasewera nthawi imodzi. Woyamba ankasewera mpaka kamunthu kake kagwere m'dzenje kapena kapse, ndiye mnzake ankalowapo. Ndipo pa chinthu chimenechi panali liwu limodzi lokha, lomwe mwana aliyense wa mu Lilongwe amene anagwirapo padi ankalidziwa. Ndafa. Wafa, ndi nthawi yanga. Ndatsala ndi moyo umodzi.

Vuto linali lakuti amalume sankafa. Munthu woonda ngati bango, wolephera kunyamula ndowa ya madzi, koma zala zawo zinali ndi nzeru zawozawo. Ine ndinkafa pa dzenje lachiwiri, nthawi zina loyamba lomwe, kenako n'kukhala padi ili pamwendo, kuonerera kabuluu kakudutsa mapiri ndi mapanga. Iwo ankasewera akulongolola: za sitima za ku Joni zodzaza mpaka pakhomo, za galaja imene ankagwirako ntchito, za chisanu chomwe chinawagoneka atavala nsapato. Ankandiseka kuti ndimadumpha ngati chule wokhuta. Gemuyo inalibe posungira pomwe wafika, ndiye magetsi akangothima, zomwe ku Biwi zinali ngati moni wa tsiku ndi tsiku, tinkayambiranso pachiyambi penipeni. Sizinkatidandaulitsa, poti tonse awiri tinalibe kwina kopita.

Ndinene mosabisa, mu Lilongwe monse munalibe malo amene ndinkasangalalako ngati m'kachipinda ka makala kaja.

Loweruka lina kunabwera amayi a kutchalitchi kwathu kudzazonda wodwala. Analowa kwa amalume, anaimba nyimbo, anapemphera, amalume atatsinzina ngati mwana womvera, kenako anapita pabalaza kukamwa tiyi ndi mayi. Atangotuluka amalume ananditsinzinira diso limodzi, ine n'kuuzira katiriji. Tsiku limenelo zala zawo zinachita kunyanya. Ndinadikira, kudikira, mpaka mwendo unachita dzanzi. Ndiye ndinalankhula ndi mawu onse a mwana wotopa, ndipo makoma a nyumba ija sankafika kudenga.

"Amalume, kodi mufa liti? Ndatopa kudikira ine. Ifani msanga ndilowepo."

Pabalaza makapu anasiya kulira. Ndinamva mmodzi wa alendo aja akunena chapansipansi kuti, "Ambuye, mwana ameneyu." Kenako mayi anali pakhomo, ndi nkhope imene ndinali ndisanaionepo. Anandigwira khutu, anandikokera kuseri kwa bafa, n'kuvula patapata. Amalume anayesa kufotokoza, ndinawamva akuyamba kuti, "Achemwali, ndi gemu," koma chifuwa chinawatsekera mawu, ndipo kutsokomola kumeneko kunangokulitsa mlandu wanga.

Mayi ankandimenya akulira. "Galu ndiye amafa. Nkhuku ndiye imafa. Mlongo wanga ndi nkhuku? Wakutuma ndani?" Ine ndinkakuwa kuti ndimanena kabuluu, koma mayi kabuluu sankakadziwa. Mpaka lero ndimaumirira kuti ndinamenyedwa popanda mlandu, ngakhale kuti ndikanakhala iwowo, pamaso pa alendo aja, kaya ndikanatani.

Mapadi anatsekeredwa m'sutikesi pansi pa bedi la makolo anga, ndipo ine ndinaletsedwa kupondanso m'kachipinda kaja. Nkhani inayenda mdadada wonse tiyi wa alendo asanazizire. Kokatunga madzi azimayi ankandiloza ndi milomo, ati mwana wotemberera malume ake chifukwa chofuna kulowa chokolo cha wailesi ya kanema. Ana aja anandipezera dzina latsopano, Mufaliti, ndipo linandikakamira mpaka ku sekondale.

Masiku amenewo anali aatali. Ndikaweruka ndinkakhala pakhonde, kujambula maenje ndi milatho pafumbi, n'kumadumphitsa kamwala. Patsidya pa msewu anzanga a dzina lokha ankathamangitsana, mpira ukagubudukira kwathu ankabwera kudzautola osandiyang'ana. Kuseri kwa khoma kunali zii, kupatula chifuwa chija. Kale ndinkaganiza kuti wosungulumwa m'nyumba ija ndinali ndekha. Tsopano ndinkaona phala limene mayi ankawapititsira m'mawa likutuluka madzulo litaundana, supuni ili chiimire pomwe anaisiya.

Madzulo ena mayi atalowa kukatenga mbale, ndinawamva akulankhulana. Ndinali pakhonde, ndipo sindinachokepo.

"Dyson, sukudya bwanji?"

"Mubwezereni mwana mapadi, achemwali."

"Atakutemberera pamaso pa anthu?"

"Anthu ake ati? Aja anandiimbira nyimbo ya pamaliro aja?" Anatsokomola kaye. "Aliyense akalowa muno amayenda monyang'ama, amandilankhula ngati ndagona kale m'bokosi. Inunso chimodzimodzi. Yami yekha ndiye amandikwiyira. Amandiona ngati munthu amene akumudyera nthawi yake. Mukudziwa kukoma kwake zimenezo?"

Mayi anatuluka ndi mbale ija, n'kundidutsa ngati palibe munthu. M'mawa mwake ndinapeza mapadi ali pampando, koma anabwera ndi lamulo: liwu lija lisamvekenso m'nyumba muno, kaya ndi m'gemu kaya ndi kunja.

Amalume anasunga lamulolo m'njira yawoyawo. Kabuluu kakagwera m'dzenje, ankavula chipewa chawo chaubweya, n'kunena ndi mawu a munthu wolengeza pamaliro, "Abale ndi alongo, mnzathu uja watisiya." Kachikasu kakapsa ndi moto ankapukusa mutu. "Watsogola. Anali mwana wabwino, kungoti wosamva." Nthawi zina ankandifunsa kuti thupi linyamuka nthawi yanji, ndipo akumudzi auzidwa kale kapena ayi. Ndinkaseka mpaka m'mimba kupweteka. Tsiku lina ndinamva mayi kukhitchini akupanikiza chiseko, kenako akumina.

Itafika nyengo yozizira, kabuluu kanayamba kutisiya msanga. Malo amene kale kankadutsa amalume akuyang'ana kumbali, tsopano kankagwerapo. Poyamba ndinasangalala, poti nthawi yanga inachuluka ndipo nane ndinali nditayamba kuidziwa njira. Kenako ndinayang'ana manja awo. Chala chachikulu chinkachedwa kutsika pa batani, ngati chikupempha kaye chilolezo. Ndiye ndinayamba kuchita chimene ndinkaganiza kuti ndi chikondi: ikafika nthawi yanga ndinkathamangitsa kachikasu n'kukagwetsera dala m'dzenje, kuti padi yawo ikhalenso ndi ntchito.

Anandilekerera pang'ono, kenako anaika padi pansi.

"Dzenje limenelo umalidumpha ngakhale ukuyasamula. Wachita dala."

Ndinakana, maso ali pagalasi la wailesi.

"Usandinamize, mphwanga. Ukayamba kundimvera chisoni, ndiye kuti nawenso wagwira khasu lokumbira manda anga. Sewera mpaka nditope kudikira. Ndikufuna nane ndikufunse funso lako lija."

Ndinasewera. Tsiku limenelo ndinafika patali kuposa kale lonse, iwo akundinyoza pa kudumpha kulikonse, mpaka magetsi anathima. Anati ndili ndi mwayi, poti anangotsala pang'ono kundilanda padi.

Pasanapite nthawi yaitali bambo anapeza galimoto yopita kummwera, ndipo amalume ananyamulidwa kupita ku Chiradzulu. Ine anandiuza kuti akukapuma mpweya wa kumudzi. Ndinali mwana, koma ndinkadziwa chifukwa chimene munthu wodwala amamutengera kwawo akadali kupuma. Wailesi ndi gemu anandisiyira. Atagonekedwa m'galimoto muja anandikodola, ine n'kuganiza kuti andiuza mawu aakulu. Anangoti, "Uziuzira bwino katiriji. Mpweya wokha, malovu ayi."

Uthenga utabwera makolo anga anapita kumudzi, ine anandisiya kwa mayi wina woyandikana nafe chifukwa cha mayeso. Masana, nditaweruka, ndinatsegula kachipinda kaja. Matiresi anali atachotsedwa, pansi patangotsala chizindikiro cha pomwe ankakhala. Ndinayatsa gemu, ndipo chala changa chinasankha chokha masewera a anthu awiri monga mwa masiku onse. Kabuluu ndi komwe kankayamba. Kanaima pachiyambi pa njira kakuyang'ana kudzanja lamanja, kanyimbo kakulira, nthawi ikutha pang'onopang'ono pamwamba pa galasi. Padi yake inali pansi, pafupi ndi phazi langa. Ndikanatha kuitola. Ndinakhala ndikudikira, yanga ili pamwendo, mpaka nthawi inatha ndipo kanagwa kokha. Panalibe wolengeza.

Posachedwapa gemu ija inatulukanso, yokonzedwa mwatsopano, ndipo pa gulu lathu la pafoni la anzanga a kuntchito, anthu oti imvi zayamba kumera, panabuka mkangano woopsa. Wina akuti mitundu yake ndi yochititsa kaso, mitengo ikuchita kugwedezeka ndi mphepo. Wina akuti aononga kanyimbo kaja pothiramo zing'wenyeng'wenye zambirimbiri. Wina, amene ndikudziwa bwino kuti ali mwana ankangoonerera pawindo la eni ake, ndiye akulalata kuposa onse kuti ana a masiku ano awafewetsera zinthu. Nane ndinakaisewera kwa mnzanga ku Area 25, ndi kamnyamata kake. Magetsi akathima umapitiriza pomwe unalekera. Ukagwera m'dzenje, kamunthu kamangotulukiranso pambali pomwepo, miyoyo saiwerenga. Anthu awiri amasewera nthawi imodzi, aliyense kuthamanga zake. Liwu lija analichotsamo, monga anachitira mayi anga, ndipo mwina pa chifukwa chofanana, chifundo.

Sindiwaimba mlandu, monganso sindiimba mlandu mayi, omwe ankaona mlongo wawo akutha tsiku ndi tsiku ndipo chimene akanatha kutsekera m'sutikesi chinali liwu lokha. Koma tsopano ndikumvetsa chimene amalume ankafuna m'kachipinda kaja. Munthu amene ukumudikira kuti alakwitse, amene ukumukwiyira chifukwa akukuchedwetsa, ndiye kuti ukumuwerengerabe pakati pa amoyo. Chisoni chimafulumira kumuchotsa munthu pamzere iye akadali chiimire. N'chifukwa chake ndikapita kukazonda wodwala masiku ano ndimanyamula makhadi kapena mkangano wa mpira, ndipo sindimulola kupambana mwaulere. Ena amati ndine wouma mtima. Zilibe kanthu, dzina loipa ndinalizolowera ndili mwana.

Pa gulu paja anandifunsa kuti, iwe Yami, wangokhala chete bwanji, yakale ndi yatsopano yabwino ndi iti? Ndinayamba kulemba nkhani yaitali, kenako ndinafufuta. Ndinangoyankha kuti yatsopanoyo ndi yokongola. Ndi yokongoladi. Kungoti ukhoza kuisewera tsiku lonse osadikira munthu.