Mafuta Ongofikira ku Doko

Achimwene anga anagula pikapu ija m'chaka chawo chachisanu ku London, viza yawo itatha kalekale. Ndiyambire pamenepo, apo ayi mungati ndi nkhani chabe ya zitsiru ziwiri zimene mafuta anazithera pamsewu. Ine mapepala anga anali bwinobwino, ndinkagwira ntchito m'nyumba yosamaliramo okalamba ku Greenwich. Iwo ankatsuka magalimoto kuseri kwa msika wa Woolwich, ndipo akamva sairini, ngakhale ya ambulansi, ankazyolika. Ankafuna chinthu chimodzi: atumize galimoto kumudzi, agule tikiti, akakwere ndege ndi miyendo yawo. Chimene ankachiopa kuposa matenda n'kukatsika pabwalo la ndege atagwidwa mkono ndi anthu a imigireshoni, abale akuonerera.

Galimoto yake sinali ngati mapikapu aja timakwera kwathu popita kumaliro. Inali chinyama cha ku Amereka, mipando iwiri kutsogolo, itatu kumbuyo, boneti yondifika pachifuwa. Ikaima mumsewu wathu inkatenga malo a magalimoto awiri, anansi n'kumasuzumira pamakatani. Anawagulitsa ndi mzungu wina womanga nyumba, pamtengo wozizira moti ndinakayikira.

"Achimwene, munthu sataya chinthu chabwino chonchi. Mwamufunsa mmene imamwera?"

"Iwe, zonse zalembedwa apa," anatero, akundionetsa kabuku ka galimotoyo. Anali atadula mzere ndi bolopeni pamene panalembedwa mamailosi amene galoni imodzi imayenda. Kabukuko ankakasunga m'thumba la jekete ngati Chipangano Chatsopano.

Galimoto inalembedwa m'dzina langa, inshuwalansi m'dzina langa, ndipo woyendetsa kupita nayo kudoko la Tilbury ndinali ine, poti laisensi ndinali nayo ndine.

Tsono pali mwambo umene aliyense wotumiza galimoto kumudzi ankaudziwa. Kutchalitchi kwathu ku Tottenham azibambo ankaphunzitsana panja mapemphero akatha. Galimoto yokwera sitima yapamadzi suithira mafuta ambiri. Eni sitima safuna thanki yodzaza, komanso anthu ankati otsalawo amapopedwa ndi paipi padoko la kutsidyako, mwini wake usanafike. Munthu wochenjera ankayenera kufikitsa galimoto pageti la doko singano ya geji itagona. Bambo wina ankadzitama kuti yake inazimira pagetipo n'kuchita kuikankha, anzake n'kumamuwombera m'manja.

Achimwene anafuna kukhala ochenjera kuposa onsewo. Anatenga mapu, anayeza mtunda ndi ulusi kuchokera pakhomo pathu, kudutsa pa pantoni yowolotsa magalimoto ya Woolwich, mpaka ku Tilbury. Anawerengera ndi kabuku kaja, nathira petulo wongokwanira, n'kuwonjezera pang'ono, ati ka ulemu. Zimene sanawerengere ndi katundu wawo yemwe. Kumbuyo anapakira jenereta, mafiriji awiri, makina osokera, matayala anayi ndi njinga za ana a mchemwali wathu, n'kufunditsa tenti imene inatukumuka ngati mimba. Kabukuko kankanena za galimoto yopanda kanthu, yothamanga pamsewu waukulu wopanda maroboti. Ine ndinanena, ndipo ndinanena kawiri, koma mwana wamng'ono m'banja mawu ake amangokhala ngati mphepo.

Tsiku lake kunacha ndi chifunga. Titafika kumtsinje tinapeza chikwangwani choti pantoni siyenda mpaka chifungacho chitachoka. Geti la doko ankatseka masana, ndiye panatsala njira imodzi, tanelo ya Blackwall, msewu wodutsa pansi pa mtsinje. Ndinatembenuza chinyama chija movutikira, thukuta lili kamukamu m'khwapa ngakhale kunkazizira.

Pa Charlton panali pomwetsera mafuta kumanzere. Ndinayatsa indiketa.

"Ukupita kuti?"

"Kukathira. Njira yatalika."

"Taona apa." Analoza kawindo kakang'ono pamwamba pa chiwongolero kamene kamanena mamailosi otsala. Kanalemba 34. "Kompyuta ikuti tifika. Ukufuna ndikadyetse akuba a padoko? Mafuta amenewa ndawapeza ndi manja awa, m'madzi ozizira."

Anandionetsa manjawo, ong'ambikang'ambika ndi sopo. Ndinazimitsa indiketa. Mpaka lero ndimadzida chifukwa cha mphindi imeneyo, pakuti chiwongolero chinali m'manja mwanga, osati mwawo.

Aliyense amene pantoni inamukana anali atathamangira kutanelo komweko. Tinalowa mumzere wa magalimoto pamsewu wotsikira kumeneko, lole kutsogolo, lole kumbuyo, potembenukira palibe. Tinkasuntha mwina utali wa galimoto imodzi, n'kuima. Injini inkangoguguda pansipansi ngati ng'ombe yobzikula. Ndinayang'ana kawindo kaja: 29. Sitinayende ngakhale mailo imodzi. Nditayang'ananso kanati 22.

"Achimwene, mukuona?"

"Ikusintha maganizo chabe. Tikayamba kuthamanga ibwerera."

"Tithamangira kuti? Pamwamba pa malolewa?"

Anazimitsa hita yotenthetsa m'galimoto, anazimitsa wailesi, ngati kuti wailesi imamwa petulo. Anandiuza kuti ndizizimitsa injini tikaima. Ndinkazimitsa, mzere n'kusuntha, wa kumbuyo n'kuimba hutala, ine n'kuliza, chinyama n'kubangula, nambala n'kutsikanso. Anayamba kundiuza za masiku awo a minibasi ku Blantyre, mmene ankatsikira ku Ndirande injini itazima, malita awiri n'kugwira nawo ntchito mpaka masana. Ndinawauza kuti ino si minibasi, ndipo kuno kulibe kondakitala wotsika n'kukankha.

Pa 11 nyali yachikasu yochenjeza za mafuta inayaka. Patapita kanthawi nambala inazimiririka, m'malo mwake munangotsala timizere tiwiri. Ngakhale kompyuta yawo ija inali itasamba m'manja.

Apa m'pamene mantha enieni anandigwira, ndipo sanali a galimoto. Ndinkadziwa zimene zimachitika galimoto ikafera m'tanelo, ndinali nditazionapo ndili m'basi. Makamera amaona, msewu amautseka, apolisi amabwera. Amafunsa woyendetsa dzina, kenako amasuzumira kwa wokhala pambali. Achimwene akanatchula dzina, wapolisi akanalinena pa wailesi yake, basi zaka zisanu za madzi ozizira zikanathera pomwepo. Kutsogolo ndinkaona kukamwa kwa tanelo kuli bii m'chifunga, ndipo kumanzere kwathu kanjira ka anthu oyenda pansi kankathera pa mpanda wachitsulo, mwina magalimoto asanu kutsogolo.

"Tsikani," ndinatero.

"Ukuti chiyani?"

"Tsikani pano, kanjirako kasanathe. Bwererani kunyumba pa basi."

"Iwe, galimoto ndi yanga iyi. Ndikusiye wekha mwana wamkazi m'dzenjemo?"

Chibadwire ndinali ndisanawakwezerepo mawu. Ndi amene anandilipirira sukulu bambo atamwalira. Koma tsiku limenelo ndinatambasula mkono pamwamba pa miyendo yawo n'kutsegula chitseko chawo ndekha.

"Galimoto ndi yanga, dzina lili pa mapepala ndi langa. Inu mulibe dzina kuno. Tsikani, achimwene, ndapota nanu."

Anandiyang'ana ngati ndawamenya mbama. Mawu amenewo anali oona, n'chifukwa chake anapweteka. Anatsika pang'onopang'ono, anatseka chitseko bwinobwino osamenyetsa, ndipo pagalasi ndinawaona ataima pakanjira paja, kabuku kali m'manja.

Tanelo imeneyo ndi yakale, yopapatiza, yokhotakhota. Potsika zinali bwino, ndinkangogwira buleki n'kumapemphera Atate Wathu, kufika pa "mutipatse lero" n'kuyambiranso chifukwa mawu otsatira anali atandithawa. Titafika pansi penipeni msewu unayamba kukwera. Ndinaponda. Injini inakhosomola kamodzi, inagwira, inakhosomolanso. Ndinkaona kuwala kwa kotulukira patsogolo. Kenako zii. Chiwongolero chinauma ngati mtengo, galimoto inayenda pang'ono yokha n'kuima, katundu kumbuyo n'kugundana.

Mahutala analira kumbuyo konse. Mawu anatuluka m'zokuzira mawu za m'khoma, kuuza woyendetsa pikapu kuti akhale momwemo. Ndinakhala, utsi wa malole ukulowa m'mphuno. Koma ndikayang'ana mpando wopanda munthu pambali panga, mtima unkatsika pang'ono.

Inabwera galimoto yokoka zinzake, n'kunditulutsira kutsidya, pamalo oimikapo pafupi ndi siteji ya basi. Wapolisi anali akudikira kale, mwamuna wamtali, waulemu wake wochititsa mantha. Anatenga laisensi, anafunsa za katundu, anafunsa ngati ndinali ndekha. Ndinati ndinali ndekha. Anandiuza kuti kulowa m'tanelo wopanda mafuta okwanira ndi mlandu, ndipo anapita m'galimoto yake kukafufuza mapepala. Anachedwa kumeneko, poti galimoto yochokera kunja inkamuvuta kuipeza mu kompyuta.

Foni inalira. Anali achimwene. Ndinawauza mwachangu kuti ndatuluka, ndili kutsidya, apolisi ali pano, asabwere. Ndinabwereza kuti asabwere. Anangoti "chabwino" n'kudula.

Ndikanadziwa. Munthu amene anakulera samva mawu oti asabwere.

Patatha pafupifupi ola, wapolisi ataima pambali panga akulemba, basi yodutsa m'tanelo inaima pasiteji paja. Anatsika anthu atatu. Wachitatu anali achimwene, atakumbatira chikwama cha mizeremizere chija timanyamulira katundu wa kumsika, ndipo pakamwa pa chikwamacho pankaoneka chivundikiro cha chigubu chobiriwira. Anali atagula petulo, n'kumubisa kuti akwere naye basi. Anandiona, nkhope yawo inamasuka, anayamba kubwera molunjika.

Wapolisi anali atandifulatira theka, maso ali pa pepala. Pakati pa iye ndi achimwene panali mayadi osapitirira makumi awiri. Ndinatulutsa foni, ndinaiika kukhutu ngati ndikuyankha munthu, n'kuyang'ana kumbali, kumpanda. Ndinayankhula mokweza m'Chichewa.

"Pitirirani. Musaime, musandiyang'ane. Sindikukudziwani."

Wapolisi anadzutsa mutu. Anayang'ana ine, anayang'ana bambo wa chikwama amene anali atachepetsa liwiro. Anandifunsa ngati ndikumudziwa munthuyo. Ndinamuyang'ana mwana wa mayi anga kumaso, n'kupukusa mutu. Ndinati ayi.

Achimwene anadutsa. Anadutsa pafupi moti ndinamva fungo la petulo ndi la sopo wotsukira magalimoto. Anadutsa pikapu yawo, jenereta yawo, njinga za ana, osatembenuka, phewa limodzi litapendekeka ndi kulemera kwa chigubu. Anakhota pakona ya nyumba zosanja n'kusowa. Wapolisi anabwerera ku pepala lake, nandifunsa ngati ndili bwino, poti misozi inali ikutsika. Ndinati ndi utsi wa m'tanelo.

Sitima ya tsiku limenelo inatisiya. Pikapu inakwera ya mwezi wotsatira, ndipo ulendo umenewo ndinathira ndekha mpaka singano inafika pakati, a padoko n'kung'ung'udza koma anailandira. Achimwene sanatsutse. Miyezi inayi pambuyo pake anakwera ndege ndi tikiti yawo, atavala suti, popanda wowagwira mkono.

Za tsiku lija sitinakambiranepo, kupatula mawu ochepa madzulo ake omwewo. Ndinawapeza kunyumba atakhala pampando osavula jekete, chigubu chili pakati pa mapazi awo, chikadali chodzaza. Ndinagwada kuti ndipepese. Anandigwira paphewa ndisanatsegule pakamwa.

"Unachita bwino," anatero. "Koma unanena msanga, mlongo wanga. Sunachite n'chibwibwi chomwe."