Mapu a Nkhanga Amene Ankayeza Maekala

Ntchito yanga yoyamba yolembedwa inandipeza nditakhala pa kabenchi ku msika wa Salima, pafupi ndi depoti ya maminibasi, pomwe ndinkaikira anthu nyimbo m'mamemore khadi ndi kusintha magalasi a mafoni osweka. Tsiku lina kunabwera bambo wina wathupi lake, foni yake ikungozima yokha. Ndinaitsuka polowetsera chaja, n'kuchotsamo zithunzi zomwe zinadzaza malo, basi inayamba kuyenda. Bamboyo anandiyang'ana nthawi yaitali ngati munthu wosankha nkhuku pamsika.

"Mphwanga, dzina ndani? Mapu a pafoni umawadziwa?"

"Ndine Layitoni, bambo. Ndimawadziwa ndithu."

Anali a Kambewa, mwini loji ina yaing'ono ku Senga Bay. Anaitsegula zaka zoyambirira za matipate, nthawi imene aliyense wokhala ndi kangachepe ankathamangira kukagwira malo kunyanja. Kuwonjezera pa zipinda zogona, ankatenga alendo okhala ndi ziphaso kukasaka nkhanga ndi nkhwali m'madambo a kumtunda, ndipo nguluwe zikavuta m'minda ya chinangwa anthu ankawaitana. Ulenje ankaudziwadi, pamenepo sindingawanamizire. Ankati maso ayamba kutopa, ndiye akufuna kuti malo onse osakira akhale m'foni. Ndinalandira jombo, yunifomu ya khaki ndi foni yatsopano ya ntchito. Ndinakondwa mpaka kuiwala kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Ntchito yeniyeni inali yoti ndiyese mapulogalamu awiri a mapu, ndidzawauze yabwino pa ulenje. Mayina ake anali achizungu opinda lilime, choncho tinkangowatchula ndi mtundu wa kachizindikiro kake pafoni: Yobiriwira ndi Yofiira.

Yobiriwira inali ya munthu wa m'tchire. Mapu unkakoperatu ku loji komwe kunali netiweki, ndipo ukalowa m'dambo ankatsegukabe ngakhale foni itasiya kugwira. Inkaonetsa mitsinje, zitunda ndi malire a nkhalango zotetezedwa, kuti mlenje asapezeke ataombera koletsedwa. Ukapeza zitosi za nkhanga, kapena pomwe zimasamba fumbi, unkabaya kachikhomo pamalopo n'kulemba dzina. Batire inkafika nayo madzulo osalira. Vuto lake linali loti chithunzi chake cha m'mwamba chinali chakale. Kwina inkandionetsa thengo la zii pomwe ine ndaima pakhomo pa tchalitchi.

Yofiira inali yokongola, chikomekome cha mkuyu. Chithunzi chake chinali chatsopano, mpaka unkatha kuona migwalangwa umodziumodzi. Koma inkamwa bando ya intaneti ngati madzi, inkatenthetsa foni, ndipo pofika masana ndinkayenda ndi pawabanki m'thumba, chingwe chikulendewera pantchafu. Netiweki ikathawa, mapu ankasanduka timabokosi totuwa. Inali ndi kanthu kamodzi komwe inzake inalibe. Ukayenda mozungulira malo n'kubwerera pomwe unayambira, mzere unkatsekeka, m'kati monse munkafiira, foni n'kukuuza kukula kwa malowo m'maekala. Ndipo mzere ukangotsekeka, chojambulacho chinkapita chokha pa kompyuta ya a Kambewa ku ofesi.

Nditaziyesa zonse ziwiri mokwanira, ndinakawauza kuti ya ulenje ndi Yobiriwira. Ndinafotokoza za batire, za netiweki ndi za malire a nkhalango. Ankangogwedeza mutu akusenda nthochi.

"Yesanso, mphwanga. Yofiira ija sunaimvetse."

Ndinayesanso, yankho linali lomwelo. Iwonso yankho lawo linali lomwelo. Apa m'pomwe mtima unayamba kundiuza kanthu. Munthu amene wakutuma kukalawa ndiwo koma akukana zomwe lilime lako lanena, ndiye kuti anasankha kale.

Mlenje sayenda mozungulira. Amatsata mapazi, amakhota pomwe nyama yakhota, amaima kumvetsera, amabwerera m'mbuyo akataya njira. Mizere yanga ya mu Yobiriwira inkaoneka ngati podutsa njoka, ndipo a Kambewa sankaiyang'ana n'komwe. Imene ankaifuna inali ya mu Yofiira, yozungulira bwinobwino, yotsekeka. Ndinaonanso kuti malo amene ankandituma kuzungulira anali athyathyathya okhaokha, oyandikira msewu kapena nyanja. Kumiyala kuja komwe nkhanga zinkachita kupondana, ankangoti, "Uko tikudziwako kale."

Ndinawafunsa tsiku lina tili m'galimoto. "Bwana, kodi nkhanga imadziwa ekala?"

Anaseka kwambiri, mpaka kumenya chiwongolero. "Iwe ndiwe wankhani! Si za nkhanga izi, n'za nguluwe. Kuti uitchingire uyenera kudziwa kukula kwa malo omwe ikuyendamo."

Yankho linali lomveka, ndiye chimene chinkandivuta n'chimenecho. Akananama bodza lopusa ndikanapuma. Koma ndinangotsala pakati, osakhulupirira, osatsutsa. Ndinayamba kukayikira zonse. Akandipatsa nsomba yotsala kukhitchini, ndinkadzifunsa kuti akundigula chiyani. Akatseka chitseko cha ofesi poyankha foni, ndinkachedwa dala kupukuta jombo pakhonde. Kumidzi nako anthu anayamba kundiyang'ana ndi diso la m'mbali. M'dera lathu munthu woyenda m'malire a munda atanyamula kachipangizo m'manja sapatsidwa moni wochokera pansi pa mtima, chifukwa ambiri anaonapo malo a makolo awo akuyezedwa lero, mawa n'kupeza waya.

Ine ndinaleredwa ndi amayi anga aakulu, aNaphiri, mayi anga ondibereka atamwalira. Amakhala cha ku Maganga, ndipo ali ndi munda wa mpunga m'dambo, womwe anasiyiridwa ndi amayi awo. Mundawo ulibe pepala. Malire ake aliyense amawadziwa: chulu chachikulu, mgwalangwa wopindika, mzere wa khonje, kenako ngalande. Mpunga wa m'menemo ndi womwe unandiphunzitsa sukulu. Ndinkadziwa kuti munda wopanda pepala umalimba ndi pakamwa pa anthu basi, ndipo wina akatulukira ndi chithunzi chake ndi maekala ake, pakamwa pa anthu pamatha kuchepa mphamvu.

Tsiku lovutalo linafika mpunga utayamba kucha. Kunabwera mlendo wochokera ku Lilongwe, amene a Kambewa anati akufuna nkhanga. Nditamuona ndinadabwa. Anavala nsapato zopolisha za ku ofesi. Mfuti yake ya chifefe inali m'chikwama, ndipo ponyamula ankaigwira ngati ambulera ya munthu wina. Tinanyamuka m'mawa, ine kumbuyo kwa pikapu. Titangosiya msewu wa tala, gulu la nkhanga linadutsa msewu, zonenepa, zosathamanga n'komwe. Ndinamenya denga la galimoto. Palibe anaima.

Tinakaima m'mphepete mwa dambo lomwe ndinkalidziwa ngati chikhatho changa.

"Layitoni, tsegula Yofiira," anatero a Kambewa. "Yambira pa chulu icho, uzungulire mpaka ubwerere pomwepo. Nguluwe zikulowera cha kuno."

"Bwana, munda uwu ndi wa amayi anga aakulu."

"Ndiye zakhala bwino. Ukuwathandiza."

Ndinaima pachulu, ndinadina poyambira, kadontho kofiira n'kuoneka. Ndinayamba kuyenda, maso pansi. Ndinkafunitsitsa kupeza phazi limodzi lokha la nguluwe kuti mtima ukhale m'malo. Nthaka inali yofewa, yoti ngakhale khoswe akanasiya chizindikiro. Ndinaona mapazi a anthu, a mbuzi ndi a akakowa. Panalibe pofukulidwa, panalibe mpunga wogonetsedwa, panalibe ndowe.

Pakati pa munda amayi aakulu anali pa nsanja yawo, akukoka chingwe cha zitini kuingitsa mpheta. Phokoso limenelo limamveka tsiku lonse nyengo imeneyo, mpaka khutu limaleka kulimva. Nditafika pa mgwalangwa wopindika, zitini zinangoti zii.

"Layitoni! Ndiwe?"

"Ndine, amayi. Mwadzuka bwanji?"

"Zodzukazo zisiye. Wabwera kudzandiona kapena kudzayeza?"

"Tikufuna nguluwe, amayi."

"Nguluwe? Chaka chino waimva kwa ndani? Nanga nguluwe yako imayenda motsata khonje wanga?"

Ndinasowa poyika nkhope. Amayi ena awiri a minda yoyandikana anasiyanso zingwe zawo n'kuyamba kubwera. Mmodzi anati, mosabisa mawu, "Si uyu munamulera uyu? Lero wabwera ndi azibwana ake." Zinandipweteka kwambiri. Koma ndinapitiriza kuyenda. Ndinkadziuza kuti mwina a Kambewa anauzidwa zolakwika, mwina ine ndi amene ndili ndi mtima woipa wokayikira munthu amene wanditola pa kabenchi. Ndinkaganizanso za jombo zomwe zinali kuphazi kwanga, zoyamba m'moyo wanga. Ndinadutsa khonje, ndinatsata ngalande, mzere wofiira ukukhota pafoni kulondola pomwe unayambira.

Nditayandikira chulu, mphepo inandibweretsera mawu a mlendo uja. Anali atatsamira galimoto, mfuti ikadali m'chikwama chake chosatsegula.

"Ndiye akatseka mzerewo tidziwa pompano kuti ndi maekala angati? Anzanga aja akufuna amve lero ngati mbali yoyang'ana kunyanjayi ikukwana."

"Tsikani mawu, bwana," anatero a Kambewa.

Ndinaima. Chulu chinali pafupi, choti ndikanatha kuchigenda ndi chigulumwa. Pafoni, mutu wa mzere ndi mchira wake zinatsala pang'ono kukumana. Ndinali nditaiyesa Yofiira nthawi yaitali, ndiye ndinkadziwa khalidwe lake: mzere wosatseka sutulutsa maekala, ndipo supita ku ofesi. Ndinadina pofufutira, foni inafunsa ngati ndatsimikiza, ndinavomera. Mzere wofiira unafufutika, munda pafoni n'kutsala wobiriwira.

Ndinapita pagalimoto ndi foni m'manja. "Bwana, nguluwe kuno kulibe."

"Sindinakufunse za nguluwe!"

Atangotero anadzimva okha zimene anena. Mlendo uja anayang'ana nsapato zake zomwe zinali zitadzola matope. Kenako a Kambewa anayamba kufotokoza kuti mlendoyo ankanena za malo ena, kuti ine ndili ndi makutu aatali, kuti ana a masiku ano sayamika. Ndinawapatsa foni ndi pawabanki yawo.

"Ndi jombo zomwe," anatero.

Ndinakhala pansi n'kuvula. Pikapu inatembenuka, n'kundisiya chilili ndi masokosi m'manja.

Ndinkayesa amayi aakulu andilandira ndi manja awiri. Ayi ndithu. Ndinawoloka m'matope mpaka pansanja, iwo akungondiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenako anandiponyera chingwe cha zitini.

"Koka. Mbalame zadya mokwanira pa nkhani zakozi."

Ndinakoka mpaka dzuwa linatentha, misozi ili m'maso, osadziwa ngati ndikulira ntchito kapena manyazi.

Mpaka lero sindidziwa zonse zimene a Kambewa ankakonza. Iwo anauza anthu kuti anandichotsa chifukwa cha mwano, ndipo ena anakhulupirira. Sindidziwanso za malo ena aja amene ndinawazungulira n'kutseka mizere yake ndisanatsegule maso. Awiri mwa iwo ndikadutsapo ndimaona mipanda ya njerwa, koma sindinganene kuti inabwera ndi mapazi anga kapena ikanabwerabe. Chimene chinachitika kwathu n'choti amayi aakulu ndi anzawo a m'dambomo anasonkhanitsa akuluakulu a mabanja awo, n'kuyenda nawo malire onse masana, aliyense akuona ndi kumva. Ine ndinabwerera pa kabenchi kanga ku msika, anzanga akundiseka kuti mlenje wabwera wopanda nthenga.

Masiku ano ndili ndi kashopu ka mafoni, ndipo anyamata amene amaperekeza alendo kosaka amabwera kudzandifunsa kuti pulogalamu yabwino ya mapu ndi iti. Ndimawauza zimene ndinaona: sankha yotseguka popanda netiweki, yosunga batire, yoonetsa malire a koletsedwa, ndipo chithunzi chake usachikhulupirire kuposa maso ako. Akamanyamuka ndimawabweza. Ndimati funsanso kuti zimene ukujambulazo zikupita kwa ndani, ndipo bwana wako akakutuma kuyenda mozungulira, uyambe wayang'ana pansi ngati pali mapazi a nyama.

Munda uja ulipobe, ndipo amayi aakulu akulimabe ngakhale msana wayamba kuwavuta. Mpunga ukacha ndimapita kukathandiza kumweta. Amandilandira bwino, amandifunsa za ana, amanditcha mwana wawo. Koma tikamanyamuka kupita kudambo, amaima pakhomo n'kutambasula dzanja. Ndimatulutsa foni m'thumba, iwo n'kuilowetsa m'nyumba, kukhoma chitseko, kiyi n'kumanga kunsonga ya chitenje. Akatero m'pomwe amandipatsa chikwakwa.