Thole Limene Linkasala Nane

Botolo lija ndimalikumbukabe: lobiriwira, lakhosi lalitali, m'kati muli mankhwala oyera ngati mkaka. Amjomba, alongo awo a amayi, anabwera nalo pa njinga kuchokera kwa alangizi a ziweto ku Namwera.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo unali mwezi wa Ramadani, woyamba kuti nanenso ndisale kudya. Ndinkangofika masana, mimba n'kuyamba kulira. Tsono thole lathu, mwana yekhayo wa ng'ombe ya amayi, nalonso linasiya kudya. Linkangoima pansi pa mtengo wa mango, ubweya uli nyankhalala, nthiti zikuwerengeka, mimba yokha itatupa ngati ng'oma. Ndikalipatsa msipu linkatembenuza mutu. Ine ndinazindikira msanga: linali kusala, ndipo linkandiposa.

Ndinauza anzanga onse kumadrasa. Ndinauzanso amayi kuti thole n'lopembedza kuposa amjomba, amene ndinawaona akutafuna mtedza kuseri kwa khola dzuwa lili paliwombo.

Choncho nditamva kuti m'mawa mwake alimwetsa mankhwala a njoka za m'mimba, ndinaona kuti ndi tchimo. Ndinatenga botolo n'kulikwirira m'chimanga, m'nkhokwe. Analisaka masiku awiri, amjomba akunamizira mbuzi, nkhuku, mpaka aneba. Lero ndimachita manyazi, chifukwa nane ndinasaka nawo, mwakhama ndithu.

Tsiku lachitatu thole linagona pansi, osathanso kudzuka. Ntchentche zinalizinga m'maso. Amayi anagwada pambali pake n'kumalisisita khosi. Pamenepo ndinaulula, misozi ili chuchuchu, kuti botolo ndinabisa ndine, poteteza swaumu yake, kusala kwake kuja.

"Iwe mwana iwe, odwala sasala!" anatero amayi. "Ashehe sanakuphunzitseni? Thamanga ukatenge botololo!"

Amjomba anakweza mutu wa thole n'kulowetsa botolo m'mbali mwa kamwa, pang'onopang'ono kuti lisatsamwe. Litameza, linawayetsemulira kumaso. Iwo anadzipukuta ndi chisoti, n'kundiyang'ana. "Ashehe aang'ono," anatero, "za mtedza zija tikambirana."

Patapita masiku ochepa thole linadzuka, n'kuyamba kudya msipu masanasana, pamaso panga, lopanda n'manyazi omwe. Ndinalikwiyira sabata yathunthu. Ndinkalidutsa osalipatsa moni.

Koma amayi ankaima pakhola nthawi yaitali, milomo itauma ndi ludzu, kumangolimvetsera likutafuna. Ine ndinkawayang'ana modabwa. Sindinkamvetsa chimene munthu wosala angakondwere nacho poonerera wina akudya.