Nsalu ya Patebulo Imene Ndinaberekera Mwana

Chaka chimene amuna anga anachotsedwa ntchito ku njanji, tinkakhala kwa apongozi ku Chowa, mu Kabwe. Mgodi unali utatsekedwa kale, ndipo njanji nayo inali itapatsidwa eni ake ena. Amuna anga anati ngati sipapezeka chochita, ine ndi mwana tipite ku Katete kwa azakhali awo mpaka zinthu zisinthe. Ine ndinabadwira mu Kabwe. Ku Katete ndinali ndisanapondeko, ndipo khasu sindinkalidziwa.

Mlamu wanga, mlongo wa amuna anga, ankaphunzira ku koleji. Iye ndi anzake anatsegula webusaiti ya ana asukulu, pomwe ankalengezapo za mabuku akale ogulitsa, zipinda za lendi ndi nkhani za mpira. Vuto linali loti anthu sankaidziwa. Anadinditsa masikipa ndi zipewa zokhala ndi adiresi ya webusaitiyo, ndipo ankafuna munthu wozigulitsa pa tebulo pa geti pamene iwo ali m'kalasi.

"Mlamu, ntchito ndi iyi," anandiuza. "Koma muzilankhula. Mukakhala chete ngati muli pa Misa, temu ikatha ndiikapo wina."

Kulankhula ndi kumene kunkandivuta. Sukulu ndinalekeza msanga, ndipo ana a pa koleji aja ankasakaniza Chingerezi ndi Chibemba mothamanga. Munthu akaima pa tebulo, ine ndinkayang'ana nsapato zake. Mlamu anandiveka sikipa imodzi kuti anthu aziwerenga, koma adiresi inali kumsana, ndipo kumsanako kunali mwana. Kumutsitsa sindikanatha. Ku kiliniki anatiuza kuti dothi la kwathu lili ndi mtovu wa ku mgodi, ana asamakwawe pansi, ndiye wanga ankakhala ku msana tsiku lonse.

"Tadinda adiresi kuti iwerengedwe ndi mwana wa miyezi isanu ndi itatu," mlamu anatero, anzake n'kuseka.

Masabata anapita. Zipewa zinayamba kugwira fumbi. Kunyumba, apongozi anali atayamba kundiuza mayina a abale a ku Katete kuti ndiwaloweze.

Tsiku lina masana mwana anatsegula m'mimba n'kuipitsa chitenje. China ndinalibe. Pa tebulo tinkayalapo nsalu yoyera yodindidwa adiresi m'zilembo zikuluzikulu zabuluu. Ndinayang'ana uku ndi uku, ndinaichotsa, n'kuberekera mwana. Katundu ndinamulongedza m'chikwama kuti ndipite kunyumba mlamu asanatuluke, poopa kuti andikalipira.

Ndisanafike pa siteji ya minibasi, ndinamva mawu kumbuyo.

"Iwe bwana, walowa kale koleji?"

Anali mtsikana wa pa koleji pomwepo. Sankalankhula ndi ine, ankalankhula ndi mwana, akumugwira phazi. Munthu akafunsa mwana, amayankha ndi mayi ake. Zimenezo ndinkazidziwa ndipo sizinkandichititsa manyazi.

"Walowa," ndinatero. "Akuphunzira zogona."

Anaseka, n'kufunsa mwanayo ngati ali ndi chipewa chomukwana iye. Ndinatsegula chikwama, n'kumugulitsa chimodzi. Anzake awiri anabwera, nawonso anayamba ndi mwana. Mu minibasi kondakitala anawerenga adiresi mokweza, n'kufunsa ngati bwana wamng'onoyo alipira mpando wake. Bambo wina wovala taye anailemba pa dzanja, akuti mwana wake amaphunzira pa koleji pomwepo.

Madzulo ndinauza mlamu zonse, maso ali pansi. Anatenga nsalu ija, anainunkhiza, n'kundibwezera.

"Ichapeni. Mawa muberekerenso. Koma musakhalenso pa geti, muziyenda."

Ndinayenda. Ku dera la Railways, ku msika, kunja kwa positi, kumalo kumene ana asukulu ankalipira kuti agwiritse ntchito intaneti. Sindinaphunzire kuitana anthu ngati mmene amachitira ogulitsa ena, ndipo mpaka lero sinditha. Ndinkangodikira kuti wina apatse mwana moni.

Mlamu anabwereka kamera kwa mnzake n'kutijambula. Ndinakana kuonetsa nkhope, ndiye anajambula msana: kamutu ka mwana, timapazi tiwiri, ndi adiresi pakati. Chithunzicho anachiika pa tsamba loyamba la webusaiti, n'kuchitumiza pa imelo kwa amene anamaliza pa kolejipo. Tsiku lina ananditenga kuti ndikachione. Chinkatuluka pa kompyuta pang'onopang'ono kuyambira pamwamba, ndipo ndinazindikira khutu la mwana wanga zina zonse zisanaoneke.

Pambuyo pake kunayamba kubwera mauthenga ochokera ku Lusaka ndi ku Kitwe, anthu akufuna masikipa. Amayi ena ankafunsa nsalu yoberekera yeniyeniyo, ndipo mlamu anadinditsa zina. Ntchito yanga inawonjezeka: kupinda, kukulunga, kukapereka kwa madalaivala a mabasi.

Temu inatha, ndipo mlamu sanaikepo wina. Za ku Katete amuna anga sanazitchulenso. Anangondifunsa tsiku lina m'mawa ngati mapaketi a ku Kitwe ndi olemera, kenako anawanyamula okha mpaka ku siteshoni, ine ndikuwatsatira ndi mwana kumsana.