Tsamba Lomaliza Analisuta Agogo

Ndikamva fungo la chingambwe, ndimakumbukira tsiku limene ndinapatsa agogo pepala lolakwika. Anali khale pamthunzi wa chigafa akufikisa fodya m'manja, nati, "Iwe, tandipezera kapepala." Ine, phuma la mwana wofuna kuyamikiridwa, ndinasolola tsamba lapansi pa mulu wa mapepala umene ndinabwereka kwa a Mvula. Ndinkati lapansi ndiye lopanda ntchito.

A Mvula anali neba wathu ku Kachebere, kalaliki wopuma wa pa esiteti ya fodya. Anzawo akamalawirira kumunda, kwa iwo kunkangomveka thapathapa wa makina otayipira, akupha anthu papepala: ozembetsa shuga ku Zambia panjinga, ogulitsa feteleza wosakaniza ndi mchenga, ngakhale akwaya. Nkhani zina zinkatuluka m'timabuku, zambiri zinkangodzaza makatoni. Koma kutopetsa kwake munthuyo! Pamaliro, ena akulira, iwo ankanong'oneza amayi kuti, "Kodi anawapeza chagada kapena chafufumimba?"

Komabe kuwerenga ndinakuphunzirira pa mitembo yawoyo, chala pamzere, milomo ikugwedera.

Nkhani ya tsikulo inali ya kapitawo wopezeka atafa pakati pa mabelo a fodya. Ndinafika pamene wapolisi anasonkhanitsa matenanti onse nanena kuti wakupha ali pomwepo. Kutembenuza pepala, ndinangoona mphasa. Kucheuka, agogo akutulutsa utsi m'mphuno, mtima uli m'malo.

Ndinathamangira kwa a Mvula.

"Kope lina mulibe?"

"Mapepala a kaboni anatha kalekale."

"Ndiye tangondiuzani, anapha ndani?"

Sanaleke n'kutayipa komwe. "Wakupha ndimam'dziwira patsamba lomaliza, ndikatero ndamuiwala. Chimalizireni imeneyo ndapha kale ena."

Ndinawalondola kudimba, kutchalitchi, mpaka kuchigayo, ndikuwatchulira mayina. Mkazi wa kapitawo? "Mwina." Mlonda? "Angathe ameneyo." Munthu kuiwala chigawenga chodzipangira yekha!

Lero imvi zili mbuu, a Mvula anatisiya, ndipo buku lililonse ndimayamba ndaona ngati tsamba lomaliza lilipo. Mkazi uja ndimamukayikirabe. Koma yankho lokha limene ndinapatsidwa ndi la kuchigayo kuja, atatopa nane, ufa uli m'nsidze:

"Mphwanga, wakuphayo ali m'chifuwa mwa agogo ako. Akamatsokomola uzitchera khutu."