Tambala Wanga ndi Galimoto ya Amalume

Lachitatu, mwezi wa Julho, kuno ku Chiuaula. Ndikulemba nditabisala kuseri kwa nkhokwe.

Amalume ali ndi galimoto yofiira ya ku Italiya imene Mpwitikizi wina anaisiya chaka cha ufulu. Chiisiyireni sinayendepo, ndipo ndi nkhondoyi petulo kulibe, koma iwo akuti idzafika ku Cuamba. Dzulo anamasula injini. Poti mapepala akusowa, anajambula pansi ndi kamtengo malo a parafuzo aliyense, ndiye kuti bawuti, n'kuwayala pomwepo.

Ine m'mawa ndinasesa bwalo lonse bwinobwino. Maparafuzo ndinawatsuka n'kuwaika m'chitini, aakulu pansi, aang'ono pamwamba. Ndinkadikira kuyamikiridwa.

Amalume atatuluka anagwira kumutu. "Mayo ine! Iwe Amina, wachita izi ndani?"

Ndinaloza tambala.

"Tambala amaika zinthu m'chitini?"

"Ndi wochenjera, amalume."

Anatembenukira kwa tambala uja. "Chabwino. Wochenjerayo Lachisanu timudyera mbatatesi."

Tambalayo ndinamulera ndekha kuyambira ali kamwanapiye, ndipo mpaka pano akunditsatira osadziwa kanthu. Mawa ndiwauza zoona ndisanapite kusukulu. Mawu akandithawa, ndipita naye m'chikwama.