Mvula ya pa 9 Febuluwale

Mlongo wanga anayamba ntchito yoyeza mvula pa 1 Julayi 1975. Tsiku lililonse, eyiti koloko m'mawa, ankakhuthulira madzi a m'chitini m'kabotolo ka mizeremizere, n'kulemba nambala pa fomu.

Pa 9 Febuluwale 1987 sanapite kuntchito, chifukwa mlamu wanga, mkazi wakeyo, anali kuchipatala kukachira, ndipo kunabadwa mwana wamkazi. Mawa lake anapeza mlonda atataya madzi a mvula amene anali m'chitini muja. Anayang'ana matope a pabwalo, n'kulemba 12 mongoganizira.

Patapita sabata anabwera kwathu ndi fomu, chala chili pa chenjezo la m'munsi.

"Achemwali, inu ndinu aphunzitsi. Misreport n'chiyani? Akuti wochita zimenezi ntchito imutheratu."

"N'kupereka lipoti losiyana ndi zimene zinachitika," ndinatero, "kaya mwadala, kaya mosadziwa."

"Koma mvulayo inagwadi."

"Inagwa, achimwene. Nanga thwelofuyo anakuuzani ndi achule?"

Anaseka pang'ono, koma tiyi wake anazizirira m'kapu. Pa 18 Febuluwale anavala jekete ya paukwati wake n'kukaulula kwa bwana. Bwanayo anamvetsera, anafunsa ngati khanda likuyamwa bwino, kenako anatenga rula n'kudula nambala ija. Anati kuli bwino tsikulo likhale lopanda nambala kusiyana n'kunamiza anthu, ndipo anamuuza kuti abwerere ku chitini chake.

Mlongo wanga anapuma ntchito pa 30 Juni 2009, osaphonyanso m'mawa ngakhale umodzi. Mwana uja tsopano ali ndi ana akeake, koma pabanja pathu timamutchabe Thwelofu.